Dzina Limene Sanalitchule pa Kanema

1

Kwawo ankamutcha Kawailesi. Amene anamupatsa dzinali ndi bambo ake, iye ali wamng'ono, chifukwa akayamba kulankhula m'mawa ankasiya pokhapokha tulo titamugwira.

"Mwana uyu alibe pozimitsira," bambowo ankatero, anthu n'kumaseka.

Atakula n'kumaliza sukulu, anamutenga ku wailesi ya kanema kuti amuyese kaye ntchito. Dzina lija linamutsatira mpaka kumeneko.

Ntchito yake inali yaing'ono. Nkhani za m'mawa zikatha, iye ankaima pafupi ndi mapu n'kuuza anthu ngati kugwe mvula kapena kuwale dzuwa. Basi. Koma kwa bambo ake, amene anali ndi kachipinda kometeramo anthu pafupi ndi msika, zanyengozo zinkaposa nkhani zonse. Anapachika kanema pamwamba pa galasi, ndipo mwana wawo akangotulukira ankazimitsa makina ometera, munthu mutu uli wometedwa mbali imodzi.

"Dikirani kaye, achimwene," ankatero. "Tsitsi silithawa. Uyo ndi mwana wanga."

Galimoto ya kuntchito inkabwera kudzamutenga kusanache. Tsiku lililonse bambo ake ankadzuka naye, kuvala jekete pamwamba pa zovala zogonera, n'kumuperekeza mpaka pamsewu. Kawailesi anayesa kuwaletsa, koma zinakanika.

"Ndisiye ndikuperekeze, mayi wanga," anatero bambowo tsiku lina akudikira galimotoyo. "Mayi ako akanakhala moyo bwenzi tikusinthana. Ndipo tamvera. Anthu ayamba kukuloza mumsewu, ena akufuna kujambulitsa nawe. Zimenezo zisakulowe m'mutu. Ine ndameta anthu otchuka ambirimbiri, mitu yawo ndaigwira ndi manja angawa. Ndi mitu wamba, ina ya dazi. Akakuyamikira, thokoza. Akakudzudzula, uyambe wamvetsera usanayankhe, pakuti pakamwa pakopo ndimapadziwa ine. Kuntchito uzilemekeza aliyense, kuyambira wa pageti mpaka abwana. Koma ukaona kuti chinthu ichi si chabwino, usachichite chifukwa choti wakutuma ndi wamkulu. Ukane mwaulemu, koma ukane."

"Ndamva, ababa."

"Wamva ndi makutu onse kapena limodzi?"

Kawailesi anaseka, n'kuwakonza kolala ya jekete imene inali itapindika.

2

Amene ankawerenga nkhani za m'mawa anali mayi wachikulire amene aliyense ankangowatcha Amayi a M'mawa. Anakhala pampando umenewo zaka zambirimbiri. Ana amene anakula akumva mawu awo anali atabereka awo ana, ndipo nawonso ankadzuka ndi mawu omwewo.

Poyamba Kawailesi ankawaopa. Akakumana nawo pakhonde ankapatuka mpaka kukhudza khoma. Koma m'chipinda cha magalasi, mmene owerenga nkhani ankawakonzera nkhope, mipando yawo inali yoyandikana, ndipo pang'ono ndi pang'ono Amayiwo anayamba kumuphunzitsa. Anamuonetsa kupuma kuchokera m'mimba. Anamuuza kuti dzina lovuta azilitchula mokweza kangapo asanalowe mu situdiyo. Akalakwitsa ankamumenya pabondo ndi pepala lopinda, kenako n'kumugawira tiyi wa m'fulasiki yawo.

Tsiku lina, mayi wokonza nkhope atatuluka, Amayi anatembenuza mpando n'kumuyang'ana.

"Ukamayang'ana kamera ija umaona chiyani?"

"Galasi lakuda, Amayi."

"N'chifukwa chake umathamanga ngati wina akukupirikitsa. Tamvera, mwana wanga. Kuseri kwa galasi limenelo kuli nyumba za anthu. Nthawi imene ife timalankhula, ambiri amakhala asanasukusule n'komwe. Wina akusita yunifolomu ya mwana, wina akufunafuna nsapato pansi pa bedi, wina ali m'chipatala ndipo tulo sanatione. Pali nkhalamba imene ana ake onse anapita kutali, ndipo moni wakowo ndi yekhayo amene imve tsiku limenelo. Ife timalowa m'nyumba zimenezi osagogoda. Ndiye munthu wolowa m'nyumba ya eni osagogoda asamale ndi zimene wanyamula. Nkhani yoipa sitiibisa ayi, kubisa si ntchito yathu. Koma pali kuipereka m'manja, pali kuiponya pakhomo. Anthu a madzulo amakhala atalimba kale ndi zochitika za tsikulo. Anthu a m'mawa mitima yawo imakhala isanavale. Udzaiwala zambiri zimene ndakuphunzitsa, za kapumidwe, za kakhalidwe pampando, ndipo palibe kanthu. Chokhachi usadzaiwale."

Atatero anatsokomola kwa nthawi yaitali. Chifuwa chimenechi chinali chitawakakamira, ndipo mawu awo anali atayamba kusasa. Kawailesi anawathirira tiyi.

"Munapita kuchipatala, Amayi?"

"Ndipita, ndipita. Taona mwanayu, wayamba kundilera ine."

3

Mmawa wina Amayi anafika atakulunga kansalu pakhosi. Anakhala pampando wawo, anatsegula pakamwa kuti apereke moni, koma panangotuluka mpweya. Anayesanso. Mawu anali atatheratu.

Mkonzi wa nkhani anabwera akuthamanga. Anali bambo wochepa thupi, wa cholembera kukhutu, amene tiyi wake ankazizira patebulo tsiku lililonse osamumwa. Sanali munthu woipa, koma nthawi ikamuthera ankalankhula ngati akukalipa.

"Mayo ine!" anatero atagwira m'mutu. "Wa nkhani za madzulo uja sakuyankha foni. Nthawi ndi imeneyi. Titani, Amayi?"

Amayi anakweza dzanja n'kuloza Kawailesi.

"Uyu? Wa mvulayu?"

Amayi anagwedeza mutu kuvomereza, chala chili pomwepo.

Mkonzi anayang'ana wotchi ya pakhoma, anayang'ana mtsikanayo, n'kupumira m'mwamba.

"Chabwino. Iwe, tamvera. Mawu onse aziyenda pagalasi la pakamera. Uziwerenga zimene zalembedwa, osawonjezera, osachotsera. Ine ndizikulankhula m'khutu. Ndikati pitiriza, upitirize. Ndikati ima, uime. Tamvana?"

"Tamvana, bwana."

Mayi wokonza nkhope anamupukuta thukuta, n'kumupakanso ufa pachipumi. Amayi anaimirira, anamukonza tsitsi kumbuyo kwa khutu, anamuika m'khutu kachipangizo komverera mkonzi, kenako anaika dzanja lawo pamimba pake kumukumbutsa kopumira. Atatha anakakhala pakampando m'mbali mwa situdiyo, pafupi ndi makamera, fulasiki ili pamiyendo.

Mpando wa nkhani unali wautali kuposa mmene ankaganizira. Magetsi ankamuotcha kumaso. Wojambula anamutsinzinira diso, anatsitsa dzanja, ndipo kanyali kofiira ka pakamera kanayaka.

"Mwadzuka bwanji nonse kumene muliko," anatero Kawailesi.

Mawu oyambawo anatuluka ang'onoang'ono. Nkhani yoyamba anaiwerenga mothamanga, yachiwiri anapunthwa pa dzina la mankhwala. Koma pofika pa yachitatu mpweya unakhazikika. Ataponya diso m'mbali anaona Amayi akugwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu womvera nyimbo imene amaidziwa.

"Ukuyesetsa," anatero mkonzi m'khutu. "Tikupita kokatsatsa malonda. Imwa madzi."

4

Malonda ali mkati, chitseko cha chipinda cha mkonzi chinamveka kumenyetsedwa. Kenako mawu ake anabweranso m'khutu, tsopano othamanga.

"Pali nkhani yangofika. Basi ya anthu opita kuntchito yagubuduzika pafupi ndi mlatho. Ovulala ndi ambiri, dalaivala wafera pomwepo. Mtolankhani wathu ali pamalopo. Tikangobwerera, uyambe ndi imeneyo. Taiona pagalasi."

Mawu anayamba kukwera pagalasi kuti awaone. Kawailesi anawerenga chamumtima mpaka anafika pa dzina la dalaivalayo. Tambula ya madzi inatsala pang'ono kumupulumuka.

Dzinalo ankalidziwa. Anali bambo a mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi kusekondale. Nthawi ya mayeso Kawailesi ankakagona kwawo kuti aziwerengera limodzi, ndipo bambowo akaweruka ankawabweretsera malalanje m'thumba la jekete, n'kumamutcha mwana wawo wachiwiri. Mayi a mnzakeyo anali telala. Makina awo osokera anali pabalaza, moyang'anizana ndi kanema, ndipo amuna awo akangotuluka m'mawa ankayatsa kanemayo kuti m'nyumba musachite zii. Nkhani za m'mawa sizinkawaphonya.

"Bwana," anatero Kawailesi pa maikolofoni, "abale awo auzidwa?"

"Imeneyo ndi ntchito ya apolisi. Yathu ndi kuuza anthu."

"Koma ngati sanauzidwe, ndiye kuti amva kwa ine."

"Dzinalo ndi loona, mtolankhani waliona yekha pachiphaso. Ndipo taganiza. Madalaivala a mabasi ndi angati? Akazi awo onse akangomva kuti basi yagwa, mitima ikhala m'mwamba. Tikatchula mmodzi, enawo apuma. Komanso anzathu a nyumba zina zoulutsira mawu sagona, atipitirira. Werenga zimene zalembedwa."

"Bwana, banjalo ndikulidziwa. Mayiwo akuonera panopa."



"Pepa," anatero mkonzi, mawu atatsika. "Pepa ndithu. Koma pampando umenewo palibe chibale. Lero ndi tsiku lako loyamba, usalisandutse lomaliza."

Kawailesi anayang'ana kumene kunali Amayi. Iwo sankamva za m'khutu mwake, koma galasi ankaliona, ndipo nkhope ya mtsikanayo anaiona. Anatsegula pakamwa, koma mawu analibe. Anangogwira fulasiki ija ndi manja onse awiri.

Wojambula anakweza dzanja. Kanyali kofiira kanayaka.

5

"Nkhani imene yangotipeza kumene," anayamba Kawailesi. "Basi yonyamula anthu opita kuntchito yagubuduzika m'mawa uno pafupi ndi mlatho waukulu. Anthu ambiri avulala, ndipo athamangira nawo kuchipatala."

Dzina lija linakwera mpaka pakati pa galasi n'kuima, kumudikira.

Anapuma kuchokera m'mimba.

"Tili ndi chisoni kukuuzani kuti munthu mmodzi wataya moyo. Dzina lake sitilitchula panopa, kufikira abale ake atauzidwa. Inu amene muli ndi abale amene anakwera basi m'mawa uno, funsani kuchipatala chachikulu, kumene ovulalawo akulandira thandizo. Tipitiriza kukudziwitsani."

"Dzina!" anakuwa mkonzi m'khutu. "Tchula dzina, iwe!"

Khutu linamulira, koma nkhope yake sinasinthe. Anayang'ana kamera n'kudikira. Mkonzi akanatha kulemba dzinalo m'munsi mwa chithunzi, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sakanatsutsana ndi wowerenga wake pamaso pa anthu. Galasi linayenda, dzina linakwera n'kuzimirira, ndipo nkhani ya mitengo ya mafuta inabwera m'malo mwake.

Kawailesi anawerenga zonse zotsala. Anawerenga zamasewera. Popeza panalibe wina, anaimirira n'kukanenanso zanyengo pa mapu ake aja. M'khutu munali zii mpaka kumapeto.

Kanyali katazima, anavula kachipangizo kaja. Wojambula anamuthandiza kumasula waya.

Mkonzi anatulukira nkhope ili gwa.

"Ndinakuuza chiyani usanakhale pamenepo?"

"Munati osawonjezera, osachotsera."

"Ndiye?"

"Ndachotsera, bwana. Pepani kuti sindinakumvereni. Sindinachite mwano, koma sindikanatha."

"Ukudziwa kuti nyumba ino singayende aliyense akamasankha yekha zowerenga? Lero ndi dzina la munthu amene ukumudziwa. Mawa lidzakhala la munthu amene wakuopseza, kapena wakugulira chakudya. Tidzakukhulupirira bwanji?"

"Likanakhala la munthu wosamudziwa, ndikanafunsanso chimodzimodzi, bwana. Kungoti lero nkhope ya mayiwo ndimaiona."

Mkonzi anachotsa cholembera kukhutu, anachiyang'ana, n'kuchibwezeranso.

"Nkhaniyi yandikulira ine," anatero. "Ndikukawauza abwana akulu."

Atachoka, Kawailesi anapita m'chipinda cha magalasi, anakhala pansi, ndipo misozi imene anaigwira nthawi yonse ija inatsika n'kuwononga ufa wonse wa kumaso. Amayi analowa mwakachetechete. Sananene kuti wachita bwino, sananenenso kuti walakwa. Anatenga thonje n'kuyamba kumupukuta nkhope, tsaya ili kenako linalo, ngati mwana wochokera kosewera.

6

Foni yake inali italira kambirimbiri. Woyamba kumupeza anali bambo ake.

"Mayi wanga! Ndiwe unali pampando waukulu uja? Muno munadzaza anthu mpaka pakhomo! Wina ndamumeta ndevu zimene sanandipemphe!"

"Ababa, mwina ntchito yatha."

"Chifukwa?"

Anawafotokozera.

"Ndi bambo aja a malalanje?" anafunsa kenako, mawu atasintha. "Ambuye awalandire. Ndikutseka muno. Ukaweruka undipeze, tipitire limodzi kumeneko. Za ntchitozo tikamba pambuyo."

Atangodula, foni inaliranso. Anali mnzake uja. Kawailesi anaiyang'ana kwa kanthawi asanayankhe.

"Halo?"

Poyamba anangomva kulira kwa anthu chapatali. Kenako mnzakeyo analankhula, mawu ali otopa.

"Ababa atisiya."

"Pepa, mnzanga. Pepa kwambiri."

"Amayi anakuona utangoyamba. Anandikuwira ndili kubafa, akuti bwera udzaone mwana wathu wakhala pampando wa Amayi a M'mawa. Anasiya kusoka, akungoseka okha. Utanena za basi anayamba kuimba foni ya ababa, koma sinayankhidwe. Tili choncho, amalume anafika ndi anzawo a ababa a kuntchito. Anawakhazika pansi, anawagwira manja, kenako ndi pamene anawauza. Anakomoka, koma anagwera m'manja mwa amalume."

Kawailesi anatseka maso.

"Unkadziwa, eti?" anafunsa mnzakeyo. "Nthawi imene umanena ija."

"Ndinkadziwa."



"Tinali awiriwiri m'nyumba muno," anatero mnzakeyo. "Sindikudziwa kuti ndikanawadzutsa bwanji ndekha. Ubwere, wamva? Amayi atsitsimuka, ndipo akufunsa za iwe."

"Ndikubwera. Ndibwera ndi ababa."

Anatsitsa foni. Amayi anali atamva zonse, ndipo maso awo anali atanyowa. Kawailesi anatenga kachikwama kake kuti azipita, koma pakhomo anakumana ndi mlembi wa abwana akulu.

"Akukufunani kumwamba, achemwali. Akuti pompano."

Amayi anaimirira, anakonza kansalu ka pakhosi, n'kumugwira mkono. Mlembiyo anati aitanidwa ndi mtsikana yekha, koma Amayi anangomuyang'ana, iye n'kupatuka.

Anakwera masitepe pang'onopang'ono. Atafika pokhotera, Amayi anaima n'kumukokera pafupi. Anaika pakamwa pawo pakhutu pake, ndipo mawu amene anatuluka anali a mpweya wokhawokha.

"Kuchipatala kuja ndinapita dzulo. Adokotala akuti pakhosipa pafunika opaleshoni, ndipo mawu akabwerera sadzakhalanso a pakanema. Sindinauze aliyense. Ndiwe woyamba."

"Amayi!"

"Shh. Usalire, nkhope ndakupukuta kale."

Chitseko cha ofesi chinali chotsegula pang'ono. Mkati, mkonzi anali atakhala kale, akuyang'ana pansi. Patebulo panali kanema wamng'ono, ndipo pakanemapo panali nkhope ya Kawailesi, ataiimitsa pamalo pomwe anasiya kuwerenga za pagalasi.

Abwana akulu anavula magalasi awo, anayang'ana mtsikanayo, kenako anayang'ana Amayi amene sanawaitane.

"Lowani nonse," anatero. "Mutseke chitsekocho."